Malamba atatu opanda mitundu: mmene Technicolor inkavekera mafilimu a ku Hollywood

Mu filimu ya The Wizard of Oz, imene kampani ya MGM inatulutsa mu 1939, muli kachigawo kochepa kwambiri komwe anthu a ntchito yojambula amakakambabe mpaka lero. Kamtsikana kali m'nyumba yamatabwa, ndipo zonse m'menemo n'zotuwa moderako ngati chithunzi chakale cha agogo chopachikidwa pakhoma. Kakutsegula chitseko, kamera n'kudutsa pakhomopo, ndipo kunjako maluwa, madzi ndi msewu wachikasu zangoti ngwee. Ambiri amaganiza kuti pamenepo anadula filimu n'kulumikiza ina. Ayi ndithu. Gawo lonselo analijambula ndi kamera ya mitundu kuyambira pachiyambi. Khoma ndi chitseko cham'katimo anazipaka utoto wotuwa, ndipo mtsikana wina wofanana msinkhu ndi Judy Garland, amene ankasewera ngati kamtsikanako, anamuveka diresi lotuwa n'kumuimika chofulatira kamera. Iyeyo ndiye amatsegula chitseko n'kupatukira pambali, kenaka Garland mwini wake, atavala diresi lake la buluu, amalowa pamaso pa kamera n'kutuluka panja.

Chodabwitsa kuposa pamenepo n'chakuti m'kamera ya kampani ya Technicolor imene inajambula zimenezi munalibe filimu ya mitundu n'komwe. Munkayenda malamba atatu a filimu, onse ojambula zakuda ndi zoyera zokhazokha. Kufiira kwa nsapato za mtsikanayo, kubiriwira kwa mzinda wa m'filimuyo, zonsezo zinaikidwa pambuyo pake m'fakitale, mtundu umodzi pamwamba pa unzake, monga mmene amadindira maluwa pa chitenje. Munthu akamvetsa mmene ntchitoyi inkayendera, amayamba kuonera mafilimu a nthawi imeneyo ndi maso ena, ndipo amadziwanso chifukwa chake ena mwa iwo lero amaoneka bwino ngati ajambulidwa dzulo pamene ena a m'zaka zotsatira anasanduka pinki.

Nthawi imeneyo ku Hollywood kunkalamulira makampani asanu akuluakulu: MGM, Paramount, Warner Bros., 20th Century-Fox ndi RKO. Pansi pawo panali Universal, Columbia ndi United Artists. Akuluakulu asanuwo anali ndi chilichonse m'manja mwawo. Malo ojambulira anali awo, akalipentala ndi atelala anali awo, olemba nkhani ankalowa ntchito m'mawa ngati makalaliki, ochita masewero ankasaina mgwirizano wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo nyumba zambiri zoonetseramo mafilimu m'mizinda ikuluikulu zinalinso zawo. Koma panali chinthu chimodzi chimene ngakhale MGM, ndi chuma chake chonse, sinkatha kugula: kamera ya Technicolor. Kamerayo sinkagulitsidwa. Ukaifuna unkachita kubwereka, ndipo inkabwera ndi anthu ake oisamalira, wojambula wa kampaniyo woti agwire ntchito limodzi ndi wojambula wa situdiyo, komanso mlangizi wa mitundu. Makamera onse amene anapangidwa anali pafupifupi 30 basi, choncho masitudiyo ankachita kuimira pamzere.

Kampani ya Technicolor inayamba mu 1915 ku Boston, ndipo oiyambitsa anali Herbert Kalmus, Daniel Comstock ndi W. Burton Wescott. Kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu ankatha kujambula mitundu iwiri yokha, wofiirira ndi wobiriwira. Khungu la munthu linkatuluka bwinoko, koma thambo ndi nyanja sizinkatheka. Buluu weniweni kunalibe. Njira ina ya m'zaka za m'ma 1920 inali yomata malamba awiri msana ndi msana, ndipo kutentha kwa makina oonetsera kunkapinditsa lambayo ngati bateya, chithunzi n'kumachita chimbuuzi. Kamera ya malamba atatu inatha kupangidwa mu 1932. Woyamba kugwiritsa ntchito njira ya mitundu itatuyi anali Walt Disney, pa katuni ya Flowers and Trees ya chaka chomwecho, ndipo filimu yaitali yoyamba ya anthu enieni inali Becky Sharp ya 1935.

Tiyeni tsopano titsegule kamerayo.

Kuseri kwa lenzi kuli galasi looneka ngati kabokosi, lopangidwa pomata magalasi awiri a ngodya zitatu. Pamene magalasiwo akumana pali kalilole wosatseka kuwala konse. Kuwala kukalowa, gawo limodzi mwa magawo atatu limapitirira molunjika, n'kudutsa pagalasi lobiriwira, n'kugwera pa lamba woyamba. Lamba ameneyo amangolemba kuchuluka kwa kubiriwira kumene kuli pa chinthu chilichonse. Magawo awiri otsalawo amakhotetsedwa n'kupita cham'mbali, kumene amadutsa pagalasi la mtundu wa magenta, wofiira mopita ku pepo, lomwe limatchinga kubiriwira n'kulola kufiira ndi buluu. Kumbali kumeneko kuli malamba awiri oyenda mogundizana nkhope ndi nkhope. Wakutsogolo saona kufiira, amangolemba buluu. Pankhope pake pali kautoto kofiirira kamene kamatsekereza buluu kuti asapitirire, motero lamba wakumbuyo amalandira kufiira kokha. Mukatsuka malamba atatuwa n'kuwayang'anitsa kudzuwa, muona zithunzi zitatu zakuda ndi zoyera za chinthu chimodzi, koma zosiyana kuderako kwake. Tomato wakupsa amaoneka wakuda bii pa negetivu ya kufiira (negetivu ndi lamba wotsukidwa, pamene zowala zimaoneka zakuda), pamene pa inzake iwiri ija amangooneka pang'ono.

Kamangidwe kameneka kanabala mavuto ake. Lamba wa kufiira, poti amalandira kuwala kumene kwadutsa kale mwa mnzake, chithunzi chake sichikhala chakuthwa ngati cha enawo. Lamba wa kubiriwira ndiye amatuluka bwino kwambiri, ndipo tionanso kutsogoloku mmene ankagwiritsira ntchito ubwino umenewu. Galasi logawa kuwala lija limadya malo pakati pa lenzi ndi filimu, moti malenzi wamba oona patali ndi m'mbali sankakwanapo. Kampani ya ku England ya Taylor-Hobson inachita kupanga apadera. Ndiye pali phokoso. Malamba atatu oyenda nthawi imodzi amalira ngati makina osokera, ndipo maikolofoni amatola zonsezo. Ankaiika kamera m'chibokosi chachikulu chotsekereza phokoso, cholemera moti anthu awiri sakanachinyamula, ndipo kuti chiyende pankafunika chingolo cholimba kapena chikweza. Onjezerani mtengo wa filimu. Lamba wa mamilimita 35 amajambula zithunzi 24 pa sekondi, kutanthauza mafiti 90, kapena kuti mamita 27, pa miniti. Mpukutu wa mafiti 1,000 umatha pa mphindi 11. Apa zonsezo muzichulukitse katatu. Wochita sewero akaiwala mawu ake, ankaononga malamba atatu.

Koma vuto lalikulu koposa linali kuwala. Kuwala kogawidwa patatu, kodutsanso m'magalasi a mitundu, kumafika pa filimu katachepa kwambiri. M'zaka zoyambirira mphamvu ya filimuyo inali cha m'ma 5 pa muyezo wotchedwa ASA. Amene anagwirapo kamera ya filimu akudziwa kuti filimu wamba ya m'sitolo inkakhala ya 100, 200 kapena 400, ndipo nambala ikachepa ndi theka ndiye kuti pakufunika kuwala kowirikiza kawiri. Choncho situdiyo inkayenera kuwala ngati dzuwa la mu Okutobala masana. Mababu wamba sankathandiza, chifukwa kuwala kwawo n'kofiirira pamene filimu ya Technicolor inakonzedwera kuwala kwa dzuwa. Ankagwiritsa ntchito nyale za arc: ndodo ziwiri za kaboni zoyandikana nsonga, magetsi amphamvu n'kumadumpha pakati pake, monga mmene kumawalira pamene munthu akuwotcherera zitsulo. Ndodozo zimanyeka n'kumafupika, motero nyale iliyonse yaikulu inkafuna munthu woiyang'anira pamwamba pa nsanja, wosintha ndodo zikatha. Zinkatulutsa utsi ndi fumbi, zikasokonekera zinkaphethira kapena kulira, ndipo kuphethira kumodzi kunali kokwanira kuti gawo lonse alibwereze. Pojambula The Wizard of Oz kutentha m'situdiyo kunkapitirira madigiri 38, ndipo anthu ena anali atavala zovala zolemera. Cha amene ankasewera ngati mkango chinasokedwa ndi zikopa zenizeni za mikango.

Anthu anavulala pa filimu imeneyi, ndipo si bwino kuzibisa pokamba za kukongola kwake. Buddy Ebsen, amene anayamba kusewera ngati munthu wamalata, ankamuwaza fumbi la aluminiyamu kumaso kuti anyezimire. Fumbilo linamulowa m'mapapo, anagonekedwa m'chipatala, ndipo malo ake anatenga Jack Haley, amene anamupaka aluminiyamu wosakaniza ngati phala. Margaret Hamilton, amene anasewera ngati mfiti, anapsa kumaso ndi dzanja pamene moto wa pamalo ojambulira unabuka iye asanatsike pansi, ndipo utoto wobiriwira umene anamupaka unali ndi mkuwa, woopsa ukalowa pabala, moti anayenera kuupukuta pakhungu lakupsalo.

Filimu yamphamvupo inabwera cha m'ma 1939 ndipo inachepetsako nyale, koma lenzi ankaitsegulabe kwambiri kuti ilowetse kuwala. Lenzi ikatsegulidwa chonchi, malo amene amaoneka bwino amakhala ochepa: nkhope ili bwino, koma chimene chili sitepe imodzi kumbuyo chayamba kale kuchita chimbuuzi. N'chifukwa chake pansi ankaikapo zizindikiro, mtunda wochoka pa kamera kufika pamphuno ya wosewera ankauyeza ndi tepi, ndipo wosewera waluso anali amene amatha kuima pachizindikiro chake osayang'ana pansi. Kudekha kumene timakuona m'mafilimu amenewa, anthu oima mwadongosolo, kamera yoyenda mwaulemu, mbali ina kunachokera pa kulemera kwa chibokosi chija ndi kuchepa kwa kuwala.

Dzina limene mudzaliona pa mafilimu pafupifupi onse a Technicolor kuyambira 1934 mpaka 1949 ndi la Natalie Kalmus, mkulu wa alangizi a mitundu. Nthambi yake inkawerenga nkhani yonse isanajambulidwe n'kukonza ndondomeko ya mitundu ya gawo lililonse: khoma likhale lotani, diresi la mayi wamkulu m'nkhaniyo likhale lotani, anthu a kumbuyo avale chiyani kuti asamulande maso. Mu 1935 iye analemba nkhani yofotokoza mfundo zake, ndipo mtima wake unali pa kudziletsa. Ankafuna mitundu yofatsa kumbuyo, kuti mtundu umodzi wowala ugwire ntchito pamene ukufunika. Otsogolera mafilimu ambiri ankakangana naye, wopanga mafilimu David O. Selznick ankadandaula za alangiziwa m'makalata ake, koma ine ndimaona kuti mfundo yakeyo inali yoona. Diresi lofiira limaoneka lofiira chifukwa zonse zolizungulira zadzichepetsa. Anthu lero akamati chinthu chili ngati Technicolor amatanthauza kuwala kwa mitundu yonse nthawi imodzi, pamene mafilimu abwino a nthawiyo, mukawayang'anitsitsa, adzaza ndi zotuwa, zakhofi ndi zoyererako.

Panali timalamulo tambiri ta pantchito. Nsalu yoyera mbee sinkaloledwa, chifukwa pansi pa nyale zija imathobwa kamera n'kutaya makwinya ake onse. Malaya, nsalu zapatebulo ndi zofunda ankaziviika mu utoto wotuwa pang'ono kuti pa chinsalu zidzaoneke zoyera. Nsalu iliyonse yofunika ankayamba aiyesa pa kamera, poti mtundu umene diso likuona m'chipinda cha telala si umene utuluke. Nsapato za mtsikana uja wa mu The Wizard of Oz zinali zasiliva m'buku la L. Frank Baum la 1900 limene filimuyo inachokera. Anazisandutsa zofiira kuti zionekere pamsewu wachikasu. Zodzola zakale zamafuta zinkanyezimira n'kumatengera mitundu ya zinthu zapafupi, mpaka nkhope kuoneka yobiriwira pafupi ndi khoma lobiriwira. Kampani ya Max Factor inapanga zodzola zouma zotchedwa Pan-Cake, zopaka ndi siponji yonyowa, zimene zinayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1937 kenaka n'kufika m'masitolo. Ndipo pojambula, munthu ankaimika patsogolo pa kamera kabolodi kokhala ndi zoyera, zotuwa ndi mitundu yodziwika, kamene ankakatcha lily. Anthu a kufakitale ankayang'ana kabolodiko kuti adziwe ngati mitundu yayenda bwino. Zotuwa zikatuluka zobiriwirako, ndiye kuti gawo lonselo lapendekera kobiriwira.

Apa pali nkhani imene ife owonera akuda sitingailumphe. Miyezo yonseyi inakonzedwa poyang'ana khungu la azungu. Woimba wakuda Lena Horne atalowa ku MGM mu 1942, situdiyo inaona kuti khungu lake silikugwirizana ndi zimene iwo ankayembekezera kwa munthu wakuda, ndipo anamupangira zodzola zapadera zotchedwa Light Egyptian. Filimu imene inatchukitsa Technicolor koposa zonse, Gone with the Wind ya 1939, imakometsera nthawi ya ukapolo kummwera kwa America, n'kumaonetsa akapolo ngati anthu okhutira ndi moyo wawo. Hattie McDaniel, amene anasewera ngati wantchito wa m'nyumba, sanakhale nawo pa mwambo woyamba kuonetsa filimuyo ku Atlanta mu Disembala 1939 chifukwa cha malamulo a tsankho. Mu 1940 iye anakhala munthu wakuda woyamba kulandira mphoto ya Oscar, atakhazikidwa patebulo lapambali, kutali ndi anzake amene anasewera nawo. Luso la ojambula ake, Ernest Haller ndi Ray Rennahan, ndi lenileni. Bodza la nkhaniyo nalonso ndi lenileni, ndipo mitundu yokongolayo inalithandiza kulowa m'mitima ya anthu.

Gawo la filimuyi loonetsa mzinda wa Atlanta ukupsa likuonetsa kuchepa kwa makamera kuja. Usiku wa pa 10 Disembala 1938 anayatsa zimakoma zakale za mafilimu ena zimene zinali kuseri kwa situdiyo ku Culver City. Moto subwerezedwa, choncho anasonkhanitsa makamera onse asanu ndi awiri a Technicolor amene analipo ku Hollywood kuti ajambule nthawi imodzi.

Tsopano kufakitale, kumene kunali mtima weniweni wa ntchitoyi.

Negetivu iliyonse mwa zitatu zija ankaisindikiza pa lamba wapadera wotchedwa matrix, amene tingamutche chidindo. Pankhope pa lamba ameneyu pali gelatin, zinthu zonanda zochokera ku mafupa ndi zikopa za nyama. Mankhwala otsukira amaumitsa gelatin molingana ndi kuwala kumene kwagwera malo alionse. Kenaka amatsuka lambayo ndi madzi ofunda, gelatin wosauma n'kusungunuka, n'kutsala chithunzi cha timapiri ndi tizigwa tosaoneka ndi maso: pamene pakufunika utoto wambiri gelatin ndi wochindikala, pamene sipakufunika palibe kanthu. Chidindo chilichonse amachiviika mu utoto wake, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa utotowo ndi wotsutsana ndi mtundu umene lambayo anajambula. Chidindo cha kufiira chimamwa utoto wa cyan, buluu wopita kobiriwira. Cha kubiriwira chimamwa magenta. Cha buluu chimamwa chikasu. Chifukwa chake n'chakuti nyale ya makina oonetsera imatulutsa kuwala koyera kokhala ndi mitundu yonse, ndipo ntchito ya utoto ndi kuchotsapo. Cyan amachotsa kufiira, magenta amachotsa kubiriwira, chikasu chimachotsa buluu. Pa tomato uja sipagwera cyan. Pamagwera magenta ndi chikasu, kubiriwira ndi buluu n'kutsekeka, kufiira kokha n'kudutsa.

Lamba wolandira utoto amakhala ndi gelatin wosalala wothiridwa mankhwala ogwira utoto kuti usayenderere. Mzere wa mawu amakhala atausindikizapo kale ndi siliva. M'zaka zoyambirira ankayambanso aikapo chithunzi chotuwa chopepuka chochokera ku negetivu ya kubiriwira ija, yakuthwa koposa, kuti chilimbitse mithunzi ndi m'mphepete mwa zinthu. Anasiya kuchita zimenezi pakati pa zaka za m'ma 1940, utoto utayamba kukwana pawokha. Kenaka chidindo ndi lamba wolandirayo amazipanikiza pamodzi pa lamba wachitsulo wokhala ndi timano tolowa m'mabowo a m'mbali mwa filimu, n'kuyenda nazo limodzi kwa kanthawi mpaka utoto utasamuka. Amatero katatu. Chidindo chikamaliza amachitsuka, n'kuchiviikanso, n'kudinda kope lina.

Amene anagulapo chitenje chotchipa amadziwa chimene chimachitika mtundu umodzi ukaphonya malo ake: duwa lili apa, kufiira kwake kwatulukira pambali pa mzere. Pa chitenje ndi nkhani yaing'ono. Pa filimu, kachithunzi kochepa ngati sitampa kamakulitsidwa mpaka kudzaza khoma la holo, choncho kuphonya kochepa kuposa tsitsi kumaoneka ngati mzere wofiira kapena wobiriwira m'mphepete mwa nkhope. Timano tija tinali pamenepo chifukwa cha zimenezi. Ubwino wake unali wakuti mtundu uliwonse ankatha kuuwongola pawokha, kuwonjezera chikasu pang'ono kapena kuchepetsa magenta, mpaka khungu litakhala bwino. Ndipo ngakhale kupanga zidindo kunali kodula, zikangopangidwa makope mazanamazana ankatuluka motchipa. Njirayi inkayenerana ndi masitudiyo akuluakulu otumiza filimu imodzi m'dziko lonse.

Ufumu umenewu unagwa mofulumira. Mu 1947 boma la America linasumira Technicolor pa mlandu wophangira msika. Mu 1948 khoti lalikulu linagamula mlandu wa Paramount, umene unachititsa kuti masitudiyo asiyane ndi nyumba zawo zoonetseramo mafilimu. Wailesi yakanema inali ikulowa m'makomo, anthu n'kumachepa m'maholo. Ndiye mu 1950 kampani ya Eastman Kodak inatulutsa Eastmancolor, negetivu imodzi yokhala ndi mitundu yonse itatu m'miyalo yosanjikizana, yolowa m'kamera wamba iliyonse. Panalibenso chifukwa chobwerekera chibokosi chija ndi alangizi ake. Masitudiyo anayamba kutsuka okha n'kumaikapo maina awo: WarnerColor, Metrocolor, DeLuxe. Zithunzi zotambalala za CinemaScope zitafika mu 1953 ndi filimu ya The Robe, kamera ya malamba atatu inatsala m'mbuyo, ndipo filimu yomaliza ya ku America kujambulidwa nayo inali Foxfire ya 1955. Choncho mukaona dzina la Technicolor pa filimu ya m'ma 1960, dziwani kuti inajambulidwa pa negetivu imodzi. Technicolor inangoitsuka kapena kudinda makope ake. Kudinda ndi utoto kunapitirira ku Hollywood mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo The Godfather Part II ya 1974 ili m'gulu la omaliza.

Chimene anthu sanachione msanga n'chakuti utoto wa m'makope a Eastmancolor a nthawi imeneyo sukhalitsa. Umapangika ndi mankhwala m'kati mwa filimu momwemo potsuka, ndipo pakapita zaka cyan ndi chikasu zimafwifwa, n'kutsala magenta yekha. N'chifukwa chake makope ambiri a m'ma 1950 mpaka 1970 anasanduka pinki, monga zimachitiranso zithunzi zina zakale za m'maalubamu. Utoto wodindidwa wa Technicolor sufwifwa chotero, ndipo manegetivu atatu aja alibe utoto woti ufwifwe, poti ndi siliva yekhayekha. Wotsogolera mafilimu Martin Scorsese anayamba kudandaula poyera za kufwifwaku mu 1980, ndipo mu 1990 anayambitsa bungwe la The Film Foundation lothandiza kupulumutsa mafilimu akale.

Komabe malamba atatuwo ali ndi adani awo. Mpaka cha m'ma 1951 filimu ya mamilimita 35 inkapangidwa ndi nitrate, chinthu chapachibale ndi onga. Ikayaka imadzipatsa yokha mpweya woyakira, moti ngakhale kuimiza m'madzi siizima. Ikakalamba imayamba kununkha, kumata, kuchita thovu, pomaliza n'kusanduka fumbi lofiirira, ndipo pamalo otentha imatha kudziyatsa yokha. Pa 9 Julaye 1937, nthawi yotentha, nkhokwe ya kampani ya Fox ku Little Ferry, New Jersey, inapsa ndi mafilimu ake ambiri akale. Ya MGM inapsanso mu 1965. Filimu ya acetate imene inalowa m'malo mwake siyaka chonchi, koma ikasungidwa potentha ndi ponyowa imayamba kununkha ngati viniga n'kukwinyika, ndipo fungolo limafulumizitsa kuonongeka kwa zitini zoyandikana nazo. Mankhwala ake ndi kuzizira ndi kuuma. Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, imasunga nitrate yake ku Culpeper, Virginia, m'tizipinda tolekanitsidwa tozizira pafupifupi madigiri 4, kuti kamodzi kakayaka moto usafalikire. George Eastman Museum ya ku Rochester, New York, nayo imasunga manegetivu ambiri a Technicolor pamodzi ndi zikalata za kampaniyo.

Vuto lapadera la malamba atatu ndi kufota. Filimu ikamakalamba imafupika pang'ono, ndipo malamba atatuwo safota mofanana. Mukawasanjikiza lero mmene alili, pakati pa chithunzi pangagwirizane koma m'makona mitundu n'kupatukana. Makope ambiri a pa tepi ya vidiyo ndi ma DVD oyambirira anali ndi vuto limeneli. Kuyambira m'zaka za m'ma 2000 okonza amajambula negetivu iliyonse payokha n'kuilowetsa m'kompyuta, kenaka pulogalamu imakoka ndi kukankha tizigawo ta chithunzi chilichonse mpaka zitatuzo zitagonana ndendende. Warner Bros. inachita zimenezi pa The Adventures of Robin Hood ya 1938, pa Singin' in the Rain ya 1952 ndi ena. Zotsatira zake nthawi zina zimakhala zakuthwa kuposa zimene anthu anaona m'holo kalelo, chifukwa utoto wodindidwa unkafewetsa chithunzi pang'ono, ndipo ojambula ankadalira kufewako kubisa ulusi wa mawigi ndi mawaya onyamula zinthu. Wokonza wabwino amakhala ndi kope lakale lodindidwa pambali pake kuti adziwe pamene ayenera kulekezera.

Kwa amene akufuna kuonera mafilimu amenewa kunyumba, zolakwika zambiri zimachitikira pa TV penipeni. Mafilimu a Hollywood a pakati pa 1932 ndi 1953 ali ndi chithunzi cha muyezo wa 1.37 kwa 1, chotsala pang'ono kufanana mbali zonse. Pa TV yamakono yotambalala payenera kutsala mizere yakuda kumanzere ndi kumanja. Ngati chithunzi chadzaza galasi lonse, ndiye kuti mwina chakokedwa, anthu n'kuoneka ojintcha, kapena chadulidwa pamwamba ndi pansi, zipewa ndi mapazi a ovina n'kusowa. Pitani pa zosintha za chithunzi musankhe Original kapena 4:3. Zimitsani chimene chimasalaza kayendedwe, chomwe pa Samsung chimatchedwa Auto Motion Plus kapena Picture Clarity, pa LG TruMotion, pa Sony Motionflow. Chimapeka zithunzi zabodza pakati pa 24 zenizeni zija, filimu n'kumaoneka ngati sewero la pa vidiyo. Chokani pa Vivid kapena Dynamic mupite pa Movie, Cinema kapena Filmmaker Mode. Poyamba chithunzi chidzaoneka chachikasu ndi chodera, koma pakatha mphindi khumi maso amazolowera ndipo khungu la anthu limayamba kuoneka ngati khungu. Chepetsaninso Sharpness ndi Noise Reduction. Timchenga timene timaoneka tikuvina pachithunzi ndi siliva weniweni wa filimuyo, ndipo TV ikatifufuta imafufutira pamodzi ulusi wa nsalu ndi makwinya a nkhope.

Pa YouTube ndi Facebook pamayendanso mafilimu amene anajambulidwa akuda ndi oyera koma wina wawapaka mitundu ndi kompyuta. Amenewo si Technicolor. Mudzawazindikira ndi khungu la mtundu umodzi ngati dothi, mano otuwa, ndi zovala zosintha mtundu munthu akatembenuka. Filimu yakuda ndi yoyera inaunikiridwa mwa njira yake, mithunzi ndiyo inkagwira ntchito imene mitundu imagwira kwina, ndipo kuyambira 1939 mphoto za Oscar zinali ndi magulu awiri osiyana a ojambula chifukwa aliyense ankadziwa kuti ndi maluso awiri.

Mukafuna kuyesa ngati kope la Technicolor lili bwino, imitsani filimu pamene pali chinthu choyera pafupi ndi chakuda, monga kolala ya shati pa jekete, makamaka cha m'mphepete mwa chithunzi. Mukaona kamzere kofiira mbali imodzi ndi kobiriwira mbali inayo, malamba aja sanagonane bwino, funani kope lina. Mukapeza labwino, yambani ndi Leave Her to Heaven ya 1945, imene inapatsa wojambula Leon Shamroy mphoto ya Oscar. Pali gawo la panyanja pamene Gene Tierney, mayi wamkulu m'nkhaniyo, wakhala m'bwato masana dzuwa likuswa mtengo, atavala chovala choyera ndi magalasi akuda, akuyang'ana mnyamata akumira osatambasula dzanja. Madzi ndi mitengo zonse n'zofatsa, chovalacho sichikuthobwa, ndipo chofiira chokha pachithunzi chonsecho ndi milomo yake.